Machubu a Nyuzipepala

Chisanu cha chaka chimenecho chinabwera msanga, ndipo chinawapeza a Mbande ali okha m'nyumba. Akazi awo anali atamwalira mvula itangosiya. Dzina loti Mbandeli anawapatsa ndi anthu, chifukwa kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali kufesa mitengo kuseri kwa nyumba, m'timachubu takuda tapulasitiki tija, n'kumagulitsa.

M'mawa wina, manja ali m'khwapa, anaona a Hedi, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya kumtunda, akulowa pageti. Mayi ameneyu ndi amene ankagula mbande zambiri chaka chilichonse mvula ikayamba. Atapepesa za maliro, ananena chomwe anadzera.

"Bambo, mbande tikuzifunabe. Koma ana athu anagwirizana kuti pulasitiki asalowenso pasukulu. Machubu anu aja tikang'amba amangouluka m'bwalo, ena amatseka ngalande, ena alonda amawotcha n'kumawothera. Ndiye ana akutifunsa kuti timabzala mitengo kuti nyengo ikhale bwino, nanga utsiwo? Ine ndasowa chowayankha."

"Ndiye mbandezo ndizibweretse m'manja?"

"Mmene mungachitire, bambo. Bola pulasitiki ayi."

Nkhaniyi inamufika mwana wawo wamkazi, amene anali namwino m'tauni, ndipo Loweruka anabwera. Iyeyu chimwalirireni mayi ake ankangofuna chifukwa chowatengera bambo ake kunyumba kwake. Anayendera nyumba yonse, kugwira makoma, kugwira bulangete.

"Ababa, muno mukuzizira ngati m'firiji. Sukulu yakukanani. Mukudikira chiyani? Chipinda chilipo, adzukulu anu akukufunani."

"Kwanu kuja kumwamba? Nyumba yosanja, dothi lake la kunsi kwa nsapato basi. Ndizikachita chiyani, kuwerenga magalimoto pawindo?"

"Muzikapuma."

"Opuma ali kumanda, iwe. Sukulu sinandikane, yakana machubu."

Anakangana mpaka tiyi anazizira. Potsiriza anapangana. Mwezi ukatha popanda mbande yoima yokha kopanda pulasitiki, a Mbande atseka nyumba n'kupita. Iwo anavomera msanga, pakuti mumtima ankadziwa kale chochita.

Malemu akazi awo sankagwiritsa machubu. Tomato wawo ndi maluwa ankafesa m'timiphika ta nyuzipepala, akulunga pepala pabotolo, kupinda kunsi, kusolola botolo, basi. A Mbande ankawaseka. "Mayi, mukufuna tomato aphunzire kuwerenga?" Iwo ankangoti, "Inu samalani mitengo yanu." Komanso a Mbande akasonkhanitsa machubu ong'ambika n'kuyatsa kuti awothe m'mawa, mayiwo ankatseka mawindo onse, n'kukhala tsiku lonse osawayankhula.

Ndiye anatenga botolo, anapempha manyuzipepala akale kwa a Telala oyandikana nawo, nayamba kukulunga. Zala m'chisanu sizimva. Pepala loyamba linang'ambika, lachiwiri linatuluka ngati chipewa. Koma pofika madzulo a tsiku lachitatu anali ndi machubu ambirimbiri. Anathira dothi losefa, anaika njere, nawandanda pabedi la mbande monga ankachitira zaka zonse, mzere wowongoka, mpata wa zala zinayi pakati kuti mphepo izidutsa. Otsala, amene anasowa malo, anangowapanikiza m'bokosi lakale lamatabwa n'kulikankhira kukhoma. Kenako anadzaza keni n'kuthirira bedi lonse mpaka madzi kuyenderera. Mbande ya m'pulasitiki imafuna choncho.

Patapita masiku atatu, pabedi panali matope okhaokha. Machubu onse anali atagona chammbali, mimba zitaphulika.

A Telala anasuzumira pampanda, tepi ili m'khosi.

"Akulu, kodi kunagwa ngozi? Ovulala angati?"

"Sokani mabatani anu."

"Ine ndimati nyuzi zija mukufuna kuwerenga. Ndikanadziwa kuti mukuphika phala ndikanabwera ndi supuni."

"Muli nazo zina?"

"Zilipo. Kapena ndiwasokere timakabudula?"

Anayambiranso, ulendo uno pepala lophatikiza kawiri. Dzuwa la m'chisanu limatuluka mochedwa ngati wantchito waulesi, ndipo a Mbande ankakhala pampando panja kulidikira, jekete ziwiri, akukulunga. Nthawi imeneyi ndi imene kale mayi aja ankatuluka ndi makapu awiri, n'kuyamba kudandaula za mawondo. Tsopano kunali zii. Nthawi zina ankapezeka akuyankhula okha. "Mayi, kunsiku mumapinda katatu kapena kanayi?" Ankaona akazi awo akuchita zimenezi chaka ndi chaka, koma ankaona ndi diso lachipongwe, ndipo diso lachipongwe silisunga kanthu.

Machubu achiwiri anapirira masiku asanu, n'kugwanso.

Namwino anaimba foni. "Ababa, kwatsala sabata. Yambani kulongedza, musadzandichedwetse. Mabotolo ndi zitini zanu zija musatenge."

A Mbande sanali munthu wothawa pangano. Anati chabwino, mawu ndi mawu. M'mawa mwake anapita kukhoma kukatenga bokosi lamatabwa lija kuti akhutule, aikemo zida zawo. Atawerama, anaima.

Machubu a m'bokosi onse anali chilili. Mapepala anali atachita chikasu, koma osang'ambika ngakhale limodzi. Ndipo pamwamba pa dothi panali timitu tobiriwira, tina titatambasula kale masamba awiri. Amenewa sanawathirirepo ndi keni. Ankangolandira timadontho tomwazika pothirira bedi, ndi kadzuwa ka m'mawa kogunda khoma.

Anakhala pansi pomwepo, pa simenti yozizira. Tsopano anakumbuka bwinobwino. Mayi aja sankandanda timiphika tawo pabedi. Ankatithinanitsa m'beseni lobooka, n'kumawaza madzi ndi zala, dzuwa litakwera. Ndipo iwo a Mbande, katswiri wa mitengo, ankaima pambali n'kumati, "Mukuzipha zimenezo, zipuma bwanji?" Mayiwo ankati, "Pepala lonyowa siliima lokha, bambo. Zisiyeni zitsamirane."

Analira pang'ono, osabisa, pakuti panalibe wowaona. Kenako anapukuta nkhope ndi chipewa n'kuitana pampanda.

"A Telala! Mabokosi amene mumabwera nsalu aja, muli nawo angati?"

"Mwayamba kulongedza? Ndiye ndizitukwanizana ndi ndani ine?"

"Bweretsani mabokosi, mubwerenso ndi manja anuwo. Mumapinda nsalu tsiku lonse, pepala silingakukanikeni."

Anakulunga awiriwiri masiku anayi, a Telala akudandaula kuti inki yawadetsa zala ndipo makasitomala athawa. Chubu chilichonse chinkalowa m'bokosi mothinana ndi chinzake. Keni anaipachika pamsomali. Madzi ankawaza ndi dzanja, dzuwa likafika pamutu pa mpanda.

Mwezi utatha namwino anabwera ndi galimoto, mipando yakumbuyo atagwetsa kale kuti mukwane katundu. Anawapeza bambo ake kuseri, pakati pa mabokosi asanu ndi awiri. Limodzi linali lobiriwira kale, enawo njere zikungoyamba kusuntha dothi.

"Pangano linali mbande yoima yokha," anatero a Mbande. "Sankha wekha."

Namwino anasolola chubu chimodzi pakati, nachiika pachikhatho. Chinaima. Kunsi kwake kamuzu koyera kanali kataboola pepala.

"Nanga pobzala ang'amba bwanji, chonyowa chonchi?"

"Sang'amba. Amakwirira ndi pepala lomwe, limawolera m'nthaka. Palibe chotola, palibe chowotcha. A Hedi anabwera dzana, akuti ana adzanyamula okha mabokosiwa."

Namwino anachitembenuza chubucho.

"Awa ndi mapindidwe a amayi."

"Ndi awo. Ine ndangochedwa kumva."

Anachibwezera pamalo pake mosamala, nakankhira zinzake kuti zithinane. Kenako anapita kugalimoto. A Mbande anamva chitseko chikutsekulidwa, ndipo anamuona akubwera ndi bulangete latsopano lochindikala, limene anagulira chipinda cha bambo ake kunyumba kwake kuja.

"Ili likhala kuno. Koma mundimvere, ababa. Madzi ozizira musagwire dzuwa lisanatuluke, ndipo Lamlungu lililonse muzibwera kudzadya ndi adzukulu anu."

"Ndizibwera. Kuntchito kwanu manyuzi akale mumatani nawo?"

"Timataya."

"Uziwasunga. Ndidzatenga Lamlungu."