Zaka Zinayi Zophunzira Kulankhula

Kalata ya ku yunivesite inafika Lachitatu masana, atelala ali pa makina akupinda miyendo ya thalauza la kasitomala. Anaibweretsa ndi mwana wawo woyamba, mtsikana amene aliyense ankamutchula kuti Wailesi chifukwa chiyambire ali wamng'ono pakamwa pake sipankatsekeka. Analowa m'shopumo akuwefuka, chimwemwe chitadzaza tsaya.

"Ababa, anditenga! Ndikukaphunzira zilankhulo."

Atelala anavala magalasi, anawerenga kalatayo kawiri, n'kuitsamiritsa ndi sizasi patebulo.

"Zilankhulo? Zaka zinayi zathunthu kukaphunzira kulankhula? Iweyo, amene umatigonthetsa m'kutu kuyambira m'mawa? Ndiye ukadzamaliza azidzakutchula kuti ndani?"

Pa benchi ya makasitomala panali alamu awo, mchimwene wa akazi awo, amene chipumireni pa ntchito yoyendetsa basi sankasowa pamenepo. Iwowa analibe nkhani yowadutsa.

"Alamu, sukulu imaoneka ndi dzina," anatero. "Wophunzira malamulo ndi loya. Wophunzira zachipatala ndi dokotala. Nanga wa zilankhulo? Wolongolola wa digiri? Mwanayu abwereze mayeso kuti akhoze bwino, akalowe uloya. Pakamwa ali napo kale."

Madzulo ake mayi a mtsikanayo anayesa kuwabweza amuna awo. "Bwanji tikafunse kaye kwa aphunzitsi ake? Ifetu za kuyunivesite sitizidziwa." Koma atelala anayankha kuti pa zaka makumi atatu zimene akhala akusoka sanadulepo nsalu asanadziwe chovala chimene akufuna, ndipo sayambira pa mwana wawo.

Wailesi anamvera. Malo ake anaperekedwa kwa wina, iye n'kubwerera m'kalasi kukakhala ndi ana amene kale anali kumbuyo kwake. Anawerenga ndithu, koma mtima unali kwina. Zotsatira zitatuluka, anali atatsika kuposa poyamba, ndipo za uloya zinathera pomwepo. Anayamba kuthandiza m'shopu, kusokerera mabatani ndi kusita zovala, tsiku lonse ali duu. Makasitomala ankafunsa moseka kuti, "Kodi wailesiyi yatha mabatire?" Atelala ankaseka nawo, koma makina awowo ankawapalasa mwamphamvu kuposa mmene nsalu inkafunira.

Tsiku lina m'mawa mayi aja anagwa akuyanika zovala. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo unapulumuka, mwendo ndi mkono zinayamba kubwerera pang'onopang'ono, koma mawu anapita. Akafuna madzi ankayang'ana kapu, milomo ikunjenjemera, kenako misozi mbwee. Atelala ankawabweretsera pilo pamene iwo akufuna madzi, n'kubweretsa madzi pamene akufuna kutembenuzidwa.

Namwino anawalozera chipinda chakumapeto kwa khonde, kumene Lachinayi lililonse kunkakhala mayi wina wothandiza odwala kuti ayambenso kulankhula. M'chipindamo munalibe jakisoni kapena mankhwala. Munali tebulo, kalilole wamng'ono ndi mulu wa makadi a zithunzi: kapu, mpando, nsapato, tambala. Mayiyo ankakhala moyang'anizana ndi wodwala, n'kumamuonetsa poika lilime ndi mmene milomo imakumanirana.

Kunyumba ntchitoyo anaitenga ndi Wailesi. Anajambula makadi akeake pa zidutswa za katoni, ndipo ankalemba m'kope mawu alionse amene mayi ake akwanitsa. Pa ulendo wachisanu anapereka kopelo kwa mayi wa kuchipatalayo.

"Ndaona kuti mawu oyambira pamilomo, ngati 'madzi' ndi 'bambo', akumatuluka. Koma ofuna nsonga ya lilime akumakanirira. Ndiye ndawaika m'magulu awiri."

Mayiyo anatsegula masamba angapo, kenako anamuyang'anitsitsa. "Wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe. Ndimangomvetsera."

"Khutu limeneli ena amalipeza ali chaka chachiwiri. Uli sukulu iti?"

Wailesi anaweramitsa mutu. Atelala anakonza pakhosi, nafuna kusintha nkhani. "Adokotala, inuyo udokotala wa mtundu umenewu munauphunzira zaka zingati?"

"Ine si dokotala, bambo. Digiri yanga yoyamba ndi ya zilankhulo. Nditamaliza ndinawonjezera maphunziro ena kuti ndizigwira ntchito ndi odwala."

Apa atelala anafotokoza zonse: za kalata ija, za malangizo a alamu awo, ndi za chaka chimene chinatayika. Sanabise kuti wolakwa anali iwowo.

Mayiyo sanawadzudzule. "Funso lanu linali labwino," anatero. "Kholo liyenera kufunsa kuti mwana adzadya chiyani. Kungoti munalifunsa kwa munthu amene sakanatha kuliyankha. Pali ntchito zina zimene khomo lake ndi limodzi: udokotala, unamwino, uinjiniya. Pamenepo alamu anu ananena zoona. Koma maphunziro ambiri sapatsa munthu dzina la ntchito, amamupatsa luso, ndipo lusolo amalifuna m'malo ambiri. Amene ndinali nawo m'kalasi, wina amamasulira kukhoti, wina amakonza mabuku asanasindikizidwe, awiri ndi aphunzitsi, wina amalemba mauthenga a zaumoyo."

"Ndiye kuti onse anapeza ntchito?"

"Ayi, ndisakunamizeni. Wina anayendayenda ndi makalata zaka zitatu. Ankaganiza kuti pepala liziyenda lokha. Amene zinawayendera msanga ndi aja ankadzipereka kukagwira ntchito patchuthi, ngakhale yosalipidwa, mpaka anthu anawadziwa. Ndipo ndikudziwanso maloya amene ali pakhomo. Dzina la kosi silimulemba munthu ntchito." Anatembenukira kwa Wailesi. "Iwenso usangoti ndimazikonda. Pita ukafunse kusukuluko kuti amene anamaliza zaka zapitazi ali kuti. Ukapeze awiri kapena atatu, ucheze nawo. Ukatero usankhe maso ali poyera."

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, mayi ali pakati, ndodo kudzanja lamanzere. Atafika kunyumba n'kuwakhazika pampando wa pakhonde, atelala sanapite kushopu monga ankachitira. Anakhala pa sitepe, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, mafomu a chaka chino atseka?"

"Atsegula mwezi wamawa, ababa. Zotsatira zanga zoyamba zija zikugwirabe ntchito. Koma sindikudziwa ngati anganditengenso." Anayang'ana mayi ake. "Ndipo ngakhale atanditenga, amayi azikhala ndi ndani? Makadiwa amafuna tsiku lililonse."

"Undiphunzitse ineyo. Manja amene amalowetsa ulusi pa singano angalephere kunyamula katoni? Ndinakulakwira kamodzi. Usandilole ndikulakwirenso chifukwa cha matendawa."

Apa mayi aja anagogoda ndodo pansi kuti awayang'ane. Anakoka mpweya, milomo inakumana n'kulekana, inakumananso.

"Pi... pi..."

Atelala anadzuka kuti akatenge pilo, koma Wailesi anawagwira dzanja. "Dikirani, ababa. Musawathandize."

Mayiwo anatseka maso, lilime likufufuza malo ake kuseri kwa mano. Linawapeza.

"Pi-ta," anatero. "Mwa-na-nga, pi-ta."

Phunziro: Dzina la maphunziro si dzina la ntchito nthawi zonse. Ntchito zina zimafunadi kosi yakeyake, koma makosi ambiri amapereka luso lotsegula makomo angapo kwa amene amalilimbikira. Kholo lisanakanize kapena kukakamiza mwana, limumvetsere, lione chimene amachita bwino, ndipo onse awiri akafunse kwa anthu amene anayendapo njirayo.