Chitsulo cha a Medson

Mayi Edness anatsika m'galimoto miyendo itatupa. Sabata yonse anali pa ntchito yonyamula ndi kusambitsa nkhalamba za eni ake ku Silver Spring, ku America, ndiye Loweruka lopumira lomwelo a Kalekeni, tcheyamani wa mpingo, anawatengera koumba mabelu, maola awiri pamsewu. Mpingo unkapangitsa belu lamkuwa loti lipite ku tchalitchi chakwawo ku Ntcheu.

M'chikwama anali ndi chitsulo cha malemu amuna awo, a Medson. Zaka makumi awiri bamboyo ankaitana anthu ku tchalitchi chimenecho pomenya limu ya tayala la lole yopachika mumtengo wamango. Chitsulo chomenyeracho anabwera nacho ku America, mpaka kumwalira chili pansi pa bedi.

Mmisiri, mzungu wokalamba wa zikhadabo zakuda bii, anawaonetsa chikombole cha belulo. Dongo lake, losakaniza ndi ndowe za hatchi, linali likadali lofewa, ndipo mkatimo anali atadinda kale mayina a akomiti. Anati mkuwa ukasungunuka, ena amaponyamo mphete.

Mayi Edness anatulutsa chitsulo chija. "Aponyemo ichi."

Mzunguyo anachiyeza m'manja n'kupukusa mutu.

"Akuti chitsulo sichilowa mumkuwa," anatero a Kalekeni. "Belu lingang'aluke."

"Ndamva. Chingerezi ndimasambitsa nacho anthu tsiku ndi tsiku."

"Mayi, musatichititse manyazi pano."

"Manyazi? Inu munkalowa m'tchalitchi ulaliki uli pakati, lero dzina lanu lili pamwamba. A Medson ankadzuka ndi malungo kukamenya limu ija. Ali pati apa? Ndionetseni!"

A Kalekeni anangoyang'ana kudenga.

Mmisiri uja anati njira ilipo: adinde chitsulocho padongo, chizindikiro chake chidzatuluka pabelu ndipo sichidzachoka. Analoza kamalo kakang'ono kumunsi, komwe munthu sangaone popanda kugwada.

Mayi Edness anakayang'ana kamaloko nthawi yaitali. Analibenso mphamvu zokangana. Anangokweza mkono n'kukanikiza chitsulocho ndi thupi lonse, chopingasa, pakati penipeni pa dzina la a Kalekeni.

"Mayi!"

Mzunguyo anawerama n'kuyang'anitsitsa. Anati dongo silinaume, atha kufafaniza n'kudindanso dzinalo. Anatenga mpeni wake n'kudikira yankho.

A Kalekeni anayang'ana mayiwo, amene anali chiimire chitsulo chili m'manja, akupuma movutikira. Anapukuta thukuta pachipumi.

"Asiye choncho," anatero chapansipansi. "Kumudzi amandidziwa kale."