Mbewa za a Mbewe

Tapiwa analeredwa ndi banja la Chishona ku Kadoma makolo ake atamwalira pa famu. Chaka chimene mashopu anauma, zakudya zitasowa, anakapeza azakhali ake enieni, a Gladness, ku Chegutu, kumene azakhaliwo anathawira famuyo italandidwa.

"Iwe ndiwe wa kwa Mbewe," a Gladness anamuuza akumupatsa sadza, nsima ya kumeneko, ndi mbewa zootcha.

Tapiwa anabweza dzanja. Kumene anakulira, munthu akadya nyama ya mfunda wake amaguluka mano.

"Ndiye kuti awa ndi abale anga, azakhali?"

A Gladness ankadziwa bwino kuti Mbewe si mbewa, koma ndiwo zinali zochepa.

"Abale ako ndithu, mwanangu," anatero akukokera mbale kwa iwo. "Ine ndinakwatiwa kwa a Phiri, ndimasala mapiri okha."