Golo la Kumsawu

Cremildo sanabadwe ndi manja a mpira, ndipo sindikumunamizira, mwini wake ankadziwa. Pagolo la ekipa ya insitituto yawo anamuikapo chifukwa anali wamtali komanso wosadziwa kukana. Insitituto yake inali sukulu yaing'ono ya zamagetsi ndi zamakina, kuseri kwa dera la 25 de Setembro ku Moatize, ndipo chaka cham'mbuyo ekipayo inathera kumchira pa mpikisano wa masukulu a m'chigawo cha Tete. Anzake ankamutcha Sefa. Ankaseka nawo, koma mumtima zinkamuwawa.

Chaka chotsatira kampani ina ya malasha inawapatsa bwalo latsopano cha kumunsi, njira ya ku Benga, pamalo pomwe kale panali mudzi. Anthu a mudziwo anasamutsidwa migodi itangoyamba, ndipo banja la Cremildo linali m'gulu lomwelo, iye akadali kamwana koyenda chamaliseche. Sankakumbukapo kanthu. Makina anasalaza zonse, kusiya mtengo umodzi wa msawu kuseri kwa golo loyang'ana ku mtsinje wa Revubué.

Pa masewero oyamba, mnyamata wa ekipa ya ku Tete anamenya mpira wamoto. Cremildo anadziponya kumanzere mpira ukupita kumanja, monga mwa chizolowezi chake. Atadzutsa mutu kuti akautole muukonde, anaupeza uli phee pamzere, ngati wina wachita kuukhazika. Anautola msanga. Kenaka anthu anayamba kukuwa dzina lake, poti anthu a mpira safunsa zambiri ekipa yawo ikapulumuka.

Zinapitirira choncho. Ku golo linalo, la kumsewu, Cremildo anali Sefa yemwe uja, ndipo koyenda ankabwerako atamwetsedwa mpaka kukhuta. Koma golo la kumsawu silinkalowa mpira. Wina unkafooka m'njira ngati ukudutsa m'matope, wina unkakhota wokha n'kudzagwera pachifuwa pake. Zigoli za anyamata akutsogolo zinayamba kukwanira, ekipa n'kumakwera. Alendo ankabwera ndi mchere m'masokosi, ena ankalumpha mpanda kukana kulowera pachipata, ena ankakodzera mitengo ya golo masanasana anthu akuona. Mista Horácio, mphunzitsi wa ekipayo, ankangosisita mimba n'kumati ndi mankhwala a sing'anga wake wa ku Angónia, chonsecho sing'anga yemweyo ndi amene anawaperekeza kumchira chaka chatha.

Amene ankadziwa kuti si za sing'anga anali Cremildo yekha. Pakati pa golo panali kamalo kakang'ono ngati lichero pomwe kapinga sankauma, ngakhale m'chilimwe dzuwa la ku Moatize likuswa mtengo. Fumbi la malasha, lomwe kumeneko limadetsa chilichonse mpaka mano, pamenepo silinkatera. Akaimapo, akakolo ankazizira. Ndipo tsiku lina, atatola mpira umene unaima wokha, anaona pa fumbi lake madindo a tizala tating'onoting'ono, mbali iyi ndi mbali iyo. Anaupukuta msanga pamalaya n'kuumenyera kutali.

Mantha anali nawo. Koma mantha ndi kutchuka zikakumana mumtima mwa mnyamata, timadziwa kale chimene chimagwetsa chinzake. Dzina la Sefa linali litafa. Atsikana a ku 25 de Setembro anayamba kumupatsa moni iye asanawaone, ndipo Mista Horácio anamunong'oneza kuti munthu wa kalabu yaikulu ya ku Beira adzabwera kudzamuona pa masewero otsiriza a pakhomo.

Mayi ake, a Isaura, ankakhala ku Zóbuè. Nyumba imene anapatsidwa posamutsidwa anaisiya amuna awo atamwalira, poti munda wake unali miyala yokhayokha, n'kubwerera kwa abale awo kumapiri. Loweruka lina anatsika ndi thumba la mbatatesi kudzagulitsa, nati aonenso mwana amene mbiri yake inali itafika mpaka kumalire. Mpira sanauone n'komwe. Chifikireni, maso awo anali pa msawu uja, kenaka pansi, pamapazi a mwana wawo.

Anthu atabalalika anamuitanira kunja kwa mpanda.

"Pamene umaima paja, pamazizira?" anafunsa.

Cremildo anayang'ana kumbali. "Wakuuzani ndani, mai?"

"Pobadwa munabwera awiri," anatero mayi akewo. "Iwe unalira, mnzako sanalire. Nthayo sailira maliro, ndipo amuna sapitako. Anamutenga amayi ako aakulu a Judite ndi azimayi ena, n'kukamuika mosazamitsa pafupi ndi msawu uja. Ine anadzandilozera nditapeza mphamvu."

"Nanga si manda onse anasamutsa?"

"Anasamutsa amene anawalozera. A kampani anaitana amuna, amuna n'kuloza manda amene amuna amawadziwa. Ife anatifunsa ndani? Ndipo nkhani yotereyi tikanaiyamba bwanji pamaso pa apongozi?" Anapukuta thukuta ndi nsonga ya kapulana, chitenje chimene anavala. "Ndinkati ali kuthengo, akugona. Sindinkadziwa kuti mukumupondaponda ndi nsapato zanu za mpirazo. Mawa m'mawa ndibwera ndi a Judite tidzamutenge. Uuze mlonda wa bwaloli atitsegulire, ndipo iwe usadzakhalepo."

Apa ndi pamene Cremildo anachita chinthu chimene chimandinyansa, ngakhale ndimamumvetsa. Anawagwira dzanja mayi ake n'kuwachonderera kuti adikire masewero a pakhomo athe. Anawauza za munthu wa ku Beira, za nyumba imene adzawamangire, za kuseka kwa anthu kumene sankafuna kudzakumvanso.

"Wagona pamenepo zaka zonsezi, mai. Milungu yochepa ingamutani?"

A Isaura anachotsa dzanja lawo. "Zaka zonsezi analibe woti amuzolowere," anatero, n'kupinda thumba lawo kumapita kokwerera chapa, minibasi ya kwawo. Komabe mawa lake sanabwere kudzamutenga.

Podziwa tsopano amene anali naye, Cremildo anayamba kumuyankhula. Masewero asanayambe ankagwada ngati akumanga nsapato, n'kusisita kapinga uja. "Ndine, m'bale wanga," ankanong'ona. "Usanditaye lero." Madzi a m'botolo lake ankayamba wathira pansi asanamwe. Akagwira mpira ankagona nawo pomwepo mpaka woyimbira kumudzudzula, ndipo pansi pa khutu lake ankamva kaphokoso konga ka milomo ya khanda lofuna bere. Anayamba kumukonda, tinene zoona. Anakula ali yekha, ndipo tsopano anali ndi wake.

Pa masewero otsiriza a pakhomo anabweza ngakhale penate. Munthu wa ku Beira, wa magalasi akuda, anamugwira chanza koma osamwetulira.

"Pakhomo ndakuona," anatero. "Tambala aliyense amalira bwino pakwawo. Ndikakuone ku Zóbuè Loweruka, ndiye tikambirana."

Ku Zóbuè n'kumene kunali masewero otsekera mpikisano, ndi anyamata a sukulu ya aphunzitsi, ndipo chikho chinali pamenepo. Anthu atachoka, Cremildo anabwerera kugolo la kumsawu, anagona chafufumimba pa kapinga uja n'kulira. Sananene kuti tiye. Anangoti, "Kumeneko ndikachita manyazi ndekha. Popanda iwe ndine ndani?" Podzuka anamva msana kulemera, nati ndi kutopa.

M'mawa mwake, poti masewero a pakhomo anali atatha, a Isaura ndi a Judite anabwera kudzamutenga. Dzuwa litakwera, foni yake inalira.

"Takumba," anatero a Isaura. "Kapinga tamupeza atauma. Pansi pali kansalu kokha."

"Mwina chiswe, mai."

"Kansaluko n'kofunda," anatero mayi akewo, n'kudula foni.

Sabata imeneyo Cremildo sanagone chagada. Akayesa, chinachake chinkamukankha mpaka atembenuke. M'kalasi ankakhala kunsonga kwa mpando, osatsamira. Pamsika, khanda limene linali kumbuyo kwa mayi wogulitsa nsomba linatambasula dzanja likuseka, ndipo silinkayang'ana nkhope yake, linkayang'ana pamwamba pa phewa lake.

Ku Zóbuè anafika mvula yoyamba itangogwa, mapiri atafunda nkhungu, malole a katundu atandandalika kudikira pachipata cha malire. Bwalo linali lotsetsereka, pakati pa minda ya kabichi. Anyamata a kumapiri anali othamanga ngati sanadye, ndipo posakhalitsa wina anamudutsa Cremildo n'kukankhira mpira kugolo lopanda munthu. Mpira unagubuduka, unagubuduka, n'kuima pamzere.

Anzake anamuthamangira kudzamukumbatira, koma aliyense amene dzanja lake linafika kumsana ankalichotsa msanga osadziwa chifukwa. Unabwera wachiwiri, unakhota wokha. Unabwera wachitatu, unagwera pachifuwa. Nthawi iliyonse timikono tozizira tinkamufinya pakhosi, ndipo kampweya kankamupumira m'khutu mofulumira, ngati ka mwana amene wasangalala. Chimene anapempha anachipeza, ndipo chinamuopsa kuposa manyazi onse a masiku a Sefa. Ali pansi paja ku Moatize ankatha kumusiya madzulo n'kumapita kwawo. Tsopano panalibenso komusiya.

Pa nthawi yopuma sanamvere n'komwe zimene Mista Horácio ankalongolola. Anali ataona mayi ake ataima m'mphepete mwa munda kuseri kwa golo, a Judite ali pambali, kapulana yatsopano ili m'manja. Anapita komweko n'kugwada m'matope.

"Mutengeni, mai. Za ku Beira zikhale. Andiseke, palibe kanthu. Mutengeni."

A Isaura sanamukalipire, ngakhale mpata unalipo. Anatembenuka kumulozetsa msana, anawerama pafupi naye, n'kuyala kapulana kumbuyo kwawo monga amachitira mayi polandira mwana.

"Bwera, mwanangu," anatero chapansipansi. "Bwera kwa amako, tizipita kwathu. Kuno kukuzizira."

A Judite anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo yotonthozera khanda. Cremildo anaweramitsa phewa kuti njira ifupike. Anamva katundu uja akusuntha, akusuzumira. Kenaka timikono tija tinabwerera pakhosi pake n'kumanga mwamphamvu mpaka malovu kukanika kumeza. Kankhope kozizira kanabisala kuseri kwa khutu lake, monga amachitira mwana akafuna kunyamulidwa ndi mlendo.

A Isaura anakhalabe chowerama, akudikira. Kapulana inkangouluka ndi mphepo. Pomaliza anaweramuka, misozi ili mbwembwembwe.

"Wakana," anatero. "Sakundidziwa. Ine ndinamusiya, iwe ndi amene unamuitana."

"Ndiye nditani, mai?"

"Monga timachitira tonse. Ulere."

Anapinda kapulana ija n'kumuikira m'manja. Kherere analira. Anthu a ku Moatize amene anakwera ndi ekipa anayamba kuimba dzina lake, ndipo munthu wa magalasi akuda uja tsopano ankamwetulira, akugwedeza mutu. Cremildo anaimirira n'kuyamba kuyenda kupita kugolo linalo. Ali pakati pa bwalo anamva katundu uja akutsetsereka, ndipo asanaganize n'komwe anawerama pang'ono, anapititsa dzanja kumbuyo, n'kumukwezera m'mwamba.