Tepi Yachitatu ya Bambo Rebello

"Bwezeranso kumbuyo," anatero Cajetan. Mlongo wake Filomena anapumira m'mwamba, n'kubweza tepi ija kachinayi.

Anali atangochokera ku misa ya tsiku lachisanu ndi chiwiri chimwalirireni bambo awo, zakuda zikadali m'thupi. Bambo awo, a Anselmo Rebello, anavinitsapo Bombay yense ndi chitoliro chawo cha kilarineti, kale mabandi a jazi akadali a anthu khumi ndi asanu. Atakalamba anatsala ndi anzawo atatu, ndipo ndi amenewa anajambula chimbale miyezi iwiri asanamwalire. Nyimbo yotsekera anaijambula katatu. Wa kukampani ya zimbale ankabwera mawa lake kudzatenga tepi imodzi, ndipo pabokosi la matepiwo malemuwo anali atachonga yachitatu ndi pensulo.

Tisabisane, yachitatuyo inali yoipa. Chitoliro chinkalira ngati chitseko cha dzimbiri, mpweya n'kuwathera pakati.

"Yachiwiri ndiye adadi enieni," anatero Cajetan. "Chimbale chawo chomaliza ichi. Ukufuna anthu aziti mdala uja anatha ngati makatani?"

"Anachonga okha, achimwene."

"Ndi maso aja? Mwina amapha ntchentche ndi pensuloyo."

"Inuyo simunaimbepo ngakhale mluzu, lero mwasanduka katswiri?"

Ali mkati mokangana, panamveka ndodo pamasitepe. Anali a Lazarus D'Cunha, mmodzi wa anzawo atatu aja, amene anaimbira malemuwo piyano kwa zaka makumi atatu. Chiwagwirireni sitiroko, dzanja lawo lamanzere linkamva likafuna lokha. Anakhala pansi, n'kulandira tiyi ndi dzanja labwinolo.

"Amalume, tiweruzeni," anatero Cajetan, akudziwa kuti wapambana kale. "Mumvere zonse ziwiri."

Pa tepi yachiwiri chitoliro chinauluka mpaka Filomena anagwetsa misozi. Koma ulendo uno Cajetan ankayang'ana mlendoyo, ndiye khutu lake linatsata piyano. Inkatsimphina. Pena inkachedwa, pena n'kungoti zii. A D'Cunha anazyolika.

Pa yachitatu, bambo aja atangobanika, piyano inalowa. Inayenda yokha mpaka kumapeto osaphonya ngakhale pamodzi, manja onse awiri akugwira ntchito ngati kale. Dzanja lodwala lija linayamba kugwedera pabondo, kutsatira nyimbo.

"Tenga yachiwiri, mwanawe," anatero a D'Cunha tepi itatha. "Chimbale n'cha bambo ako. Ine ndani angandimvere?"

"Nanga bwanji sanajambule kachinayi?" anafunsa Filomena. "Nthawi inalipo."

"Inalipo yambiri. Mwini situdiyo anachita kumupempha. Koma Anselmo anangopukuta chitoliro chake, n'kuchitsekera m'bokosi, amvekere, 'Yatheka imeneyo, tiyeni tikadye.' Ine ndinkayesa watopa."

Mkuluyo anaima kaye, ngati wamva mawu a mnzakeyo koyamba.

"Chikhalirecho sindinaimbenso choncho," anatero chapansipansi.

Manyazi anamugwira Cajetan, ndipo chisoni chimene anachipirira kumanda chinamupeza pamenepo. Sabata yonse ankateteza dzina la bambo ake, osadziwa kuti eni dzinawo anali atalipereka kale kwa mnzawo.

Anakoka bokosi la matepi lija. Chizindikiro cha pensulo chinali chosaoneka bwino, choti wa kukampani akanatha kuchidumpha. Anapempha cholembera kwa Filomena, n'kuchonganso pomwepo, mwamphamvu.

"Amalume," anatero, "dzina lanu lija timalemba bwanji pachikuto?"