Chingwe pa Mwendo wa Mwana Wanga

Ndinali nditangoviika mabulangete m'beseni pamene neba wanga wogulitsa makala anatulukira ali wefuwefu.

"Inu muli pochapa? Mwana wanu am'manga kwa mneneri uko!"

"Mwana wanga ali kuntchito, ku saluni."

"Saluni yake iti? Alamu anu anakam'tenga m'mawa."

Mtsikana wangayo amadwala matenda akugwa kuyambira ali wamng'ono. Amamwa mapiritsi awiri patsiku, akadumphitsa amagwa. Koma mlamu wanga, mchemwali wa malemu bambo ake, amalimbikira kuti ndi ziwanda.

Ndinapita thovu lili m'manja. Tchalitchi cha mneneriyo ndi galaja yakale, pansi pakadali madontho a oyilo. Ndinam'peza mwanayo ali pa simenti, mwendo ataumangirira kunsanamira ndi chingwe choyanikira zovala. Milomo ili gwa. Akuti asale kudya masiku atatu.

"Amayi," anatero, "mankhwala anga awataya m'chimbudzi."

Mneneriyo anabwera, suti yoyera mbee. "Mayi, musayandikire! Chiwandacho chilumphira kwa inu."

"Chilumphe. Chikandithandize kuchapa."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka. Mlamu wanga anandikoka bulauzi. "Mlamu, musatichititse manyazi. Ife tikufuna mwanayu amasulidwe."

"Ndichotsereni dzanjalo! Tsiku limene anagwera pa mbaula munali kuti inu? Amene ndinam'bereka kumsana mpaka kuchipatala ndine." Ndinatembenukira mneneri uja. "Nanga inu bambo, Yesu wake uti amene anamangapo wodwala ngati mbuzi? Amene ndimapembedza ine sanachitepo zimenezo."

"Mukulimbana ndi kudzoza, mayi!"

"Dzozani galajayi, oyilo alipo kale."

Mfundo ya chingwecho inali yolimba. Ndinapisa m'thumba la epuloni ya mwanayo, ndinapeza sizasi yake yometera. Koma ndisanadule, iye anandigwira mkono.

"Amayi, nanga ngati ndili nachodi?"

Apo ndiye mtima unandiwawa kuposa chingwecho. Tsiku limodzi lokha, am'khulupiritsa kale.

"Tandiyang'ana. Matenda uli nawo, sindikunamiza. Koma mwini wako ndi mmodzi, ndipo anakufera pamtanda. Sagawana nyumba ndi wina aliyense. Ukagwa umagwera m'manja mwake. Wamva?"

Anandiyang'ana. Kenako analanda sizasi ija, n'kudula yekha.

Palibe anatitsekereza. Tinadzera kuchipatala, namwino anatikalipira ngati ndataya mankhwalawo ndine. Ndinangoti zikomo. Tili pamzere wolandira mankhwala, mwanayo anapemphera motsitsa, mawu ochepa, osakuwa. Ine ndinangoyankha ameni, chifukwa mkwiyo unali usanathe ndipo Ambuye akudziwa.

Pano wadya, wamwa piritsi, ali gone pampando. Mwendo watupa pamene panadutsa chingwe. Dzuwa lapendeka, mabulangete sauma lero. Ndafinya limodzi. Atatu akadali m'madzi.