Singano Isanafike Pansi

Mudathir anali yekha m'chipinda chapansi pa yunivesite ku Toronto, akukweza magetsi amphamvu m'makina ounikira tizidutswa ta atomu. Magetsi amenewa safuna phuma. Ukawakweza kapena kuwatsitsa mothamanga, tiwaya ta m'katimo timapsa. Kuwatsitsa kokha kumatenga maola angapo.

Foni inalira. Anali amalume ake ku Mangochi.

"Bambo ako atisiya m'mawa uno. Tiika maliro dzuwa lisanalowe, mwa Chisilamu chathu."

"Dikirani, amalume, ndikubwera!"

"Ubwera pa chiyani, mwana iwe?"

Mudathir anayang'ana chitseko, kenako singano ya mita yoyezera magetsiwo. Panalibe womusiyira makinawo. Anayamba kutsitsa magetsi pang'onopang'ono, akutukwana chamumtima.

Singano isanafike pansi, amalume anaimbanso. Anthu anali atabwerako kale kumanda.